Mutu 6: Suti Yobwereka

1. Zopachika kuseri kwa chitseko

Pa siteji ya kabaza ya kumsika panalibe njinga yamoto yomwe inalepherapo kokayezetsa. Lamulo linkati chaka chilichonse njinga ipite kwa woyeza, akaione ngati ili yoyenera kunyamula anthu pamsewu. Ndipo chaka chilichonse njinga za pa sitejiyi zinkabwerako ndi chiphaso.

Zofuka utsi ngati dzala lotenthedwa zinkapambana. Zolira ngati mbuzi yokoledwa m'chingwe zinkapambana. Ngakhale ija yomwe mwini wake ankaiimitsa pokwekwereza nsapato pansi inali ndi chiphaso chake, chokutidwa bwino m'pulasitiki kuti chisade.

Chinsinsi chinali kuseri kwa chitseko cha galaja ya a Tcheyamani, mtsogoleri wa anyamata a kabaza. Pamenepo pankapachikidwa magudumu awiri a matayala atsopano, ndi thumba lokhala ndi mapadi a mabuleki, chingwe chachitsulo chokokera buleki, magalasi awiri ndi hutala yolira bwino. Zonsezi pamodzi anyamata ankazitcha suti.

Njinga za pa siteji zinali za mtundu umodzi, choncho suti inkakwana iliyonse. Tsiku loyezetsa likafika, njinga inkavula nsanza zake n'kuvala suti. Inkapita kwa woyeza itatchena ngati mkwati. Ikabwerako inkavula, n'kuvalanso nsanza zija, suti n'kusamukira pa njinga ina.

Wovula ndi woveka anali mtsikana yemwe aliyense ankamutcha Kagirisi, chifukwa m'zikhadabo zake simunkachoka girisi ngakhale Lamlungu. Anali atangomaliza sukulu ya sekondale, ndipo ankaphunzira umakaniko pa galajapo. Manja ake anali achangu kuposa a anyamata onse amene anayesapo ntchitoyo. Iye ankanyadira zimenezi, ndipo anali ataveka njinga zambiri osafunsa funso.

M'mawa umenewu, njinga yobwera kudzavala inali ya achimwene ake, omwe anzawo ankawatcha Liwiro.

"Telala wathu!" anakuwa achimwenewo akutsika panjinga. "Undisokere bwino lero. Ndikufuna woyeza andipatse moni ataimirira."

Kagirisi anagwada, n'kumasula gudumu lakutsogolo. Atatulutsa mapadi anangoti kakasi. Chikopa chogwira gudumu chinali chitatheratu. Panangotsala chitsulo chosalala, chonyezimira ngati supuni. Chingwe cha buleki nacho chinali chitanyenyeka ngati chadyedwa ndi makoswe. Timawaya take tambiri tinali titaduka, totsala tikungogwirira mwaulemu.

"Achimwene, mumaima bwanji ndi zimenezi?"

"Ndi giya komanso pemphero," anayankha achimwene ake. Anyamata odikira pakhonde anaseka.

"Alamu mumawakweza pa njinga yomweyi?"

"Nanga ndiziwabereka kumbuyo?"

Kagirisi sanaseke. Alamu akewo, akazi a Liwiro, anali oyembekezera, mimba itakula kale. Mawa lake linali tsiku lawo la sikelo, ndipo njira ya kuchipatala inkatsika mtsetse wautali wothera pamphambano podutsa malole.

"Ndigula zatsopano mwezi ukatha," anatero achimwene ake atamuona nkhope.

"Munateronso ine ndikuyamba ntchito pano."

"Iwe, soka suti. Ndabwera kwa telala, osati kwa wapolisi."

2. Amalume atsegula pakamwa

Pakona ya khonde panali mpando wakale wa galimoto, ndipo pampandopo pankakhala amalume a Kagirisi tsiku lililonse. Anakhala kunja zaka zambiri akukonza mabasi. Anabwerako maso atachita nkhungu, manja akunjenjemera, koma lilime lili lakuthwa kuposa mmene anapitira.

"Bwera nazo kuno," anatero amalume.

Kagirisi anawapatsira mapadi ndi chingwe. Anazisisita ndi chala chachikulu, poti maso sankawathandizanso. Kenaka anaziponya pansi ndi mphamvu yomwe palibe ankadziwa kuti akadali nayo.

"Mukumudziwa amene anakhoma msomali uli kuseri kwa chitsekowo?" anafunsa. "Ndine. Nthawi imeneyo msewu uno unali ndi mitengo mbali zonse, ndipo mmisiri ankadwala ndi manyazi ntchito yake ikabwerera. Thumbalo sitinkalitcha suti ayi. Tinkati thumba la tonse. Munthu mabuleki akamuthera alibe pogwira, ankatenga a m'thumba n'kumayendera, lero, mawa, mkuja, mpaka atapeza ake, n'kubwezera atsopano m'thumbamo. Thumba linali loteteza msana wa wokwera.

"Zaka zonse ndinali kutali ndinkalota msewu uno. Ndabwera ndapeza mitengo munadula. Manyazi nawo munadula. Thumba mwalisandutsa chovala chojambulitsira chithunzi!"

"Ulaliki wayamba," ananong'ona mnyamata wina. "Wina ayendetse mbale ya chopereka."

"Seka, mwana iwe, mano ukadali nawo," anatero amalume osatembenuka. "Tamverani, anyamata inu. Woyeza mungathe kumupusitsa. Ndi munthu, ali ndi maso awiri okha, ndipo njinga amaiona kanthawi kochepa. Koma pali woyeza wina amene simungamuvalire suti. Ndi mtsetse uja wa kuchipatala. Ameneyo amayeza tsiku lililonse. Safunsa chiphaso. Akakulepheretsa sanena kuti ubwerenso sabata yamawa.

"Kumene ndinaliko ndinasololapo anthu pansi pa basi yomwe mapepala ake anali oyera mbee. Chiphaso chinali chomata pagalasi, chosang'ambika n'komwe. Tinachipeza chili bwinobwino, chokhacho m'basi yonse. Pepala siligwira gudumu, anyamata inu. Limangonena zimene gudumu linachita dzulo."

A Tcheyamani anatuluka m'galaja akupukuta m'manja. Anali munthu wamimba, wolankhula mofatsa ngati sanakwiyepo chibadwire.

"Akuluakulu, kunja munaliko kunali kunja," anatero. "Kuno ndi kuno. Kagirisi, dzuwa likukwera."

Amalume analoza mtsikanayo ndi ndodo. "Ndipo iwe, mwana wa mlongo wanga, sipanala uli nayoyo ndinakupatsa ndine. Inandidyetsa m'mayiko a eni. Sinanamepo. Nati iliyonse imene ukumanga ukulonjeza munthu amene sukumudziwa kuti akafika kwawo. Ngati sungathe kulonjeza, usamange."

Kagirisi anapsa mtima. Anapsera mtima achimwene ake, a Tcheyamani, ngakhalenso amalume omwe, poti kulankhula uli pampando n'kosavuta. Anatola sipanala, n'kuveka njinga ija suti yonse, nati iliyonse akuikoka ngati akuipatsa chilango.

3. Kwa woyeza

"Upite nawo," a Tcheyamani anauza Kagirisi. "Ena akavala suti amayamba akanyamulirako makasitomala, anzawo akudikira maliseche."

Koyezetsa sikunali kutali, kuseri kwa msika chabe. Linali bwalo la simenti lokhala ndi shedi ya malata ndi tebulo lachitsulo. Njinga za masiteji ena zinali pamzere. Ina inabwezedwa chifukwa cha nyali yakufa, ina chifukwa cha tayala losalala. Eni ake ankazikankha potuluka akutukwana chapansipansi.

Woyeza anali mayi wamtali wovala jasi yotuwa. Sankamwetulira wamba. Anagwada n'kulowetsa kachitsulo m'mano a matayala. Analiza hutala, anayatsa nyali, anagwedeza magalasi. Kenaka anakwera njingayo, anaithamangitsa mpaka kumapeto kwa bwalo, n'kufinya buleki mwadzidzidzi. Njinga inaima nji, ngati yakhomedwa pansi.

"Eya," anatero mayiyo akutsika. "Iyi ngakhale mwana wanga ndingamukwezepo."

Achimwene aja anatsinzinira Kagirisi diso limodzi.

"Anyamata a siteji ya kumsika mumandisangalatsa," anapitiriza mayiyo akudinda chiphaso. "Masiteji ena ndimabweza njinga mpaka pakamwa kuuma. Zanu sindinabwezepo ndi imodzi yomwe. Ndimawauza anzanuwo kuti akaphunzire kwa inu."

Kenaka anayang'ana ovololo ya Kagirisi ndi zikhadabo zake zakuda.

"Wakonza ndiwe, mwanawe?"

"Eya, mayi."

"Manja abwino. Ine ndikuyamba ntchitoyi ankati mkazi sangasiyanitse nati ndi mkanda wa m'khosi. Usawamvere. Atsikana ngati iwe ndi amene mumandigonetsa tulo tabwino."

Kagirisi anabisa manja ake m'matumba a ovololo. Pobwerera anakwera kumbuyo kwa achimwene ake. Iwo ankaimba.

4. "Vula!"

Pagalaja panali patafika kale wina wodikira suti. Anzake ankamutcha Dazi, osati chifukwa cha mutu wake koma matayala ake.

"Mkwati wabwera!" anakuwa Dazi. "Vula msanga, achimwene, nafenso tikakwatire."

Kagirisi anagwada pambali pa njinga. Anatola chingwe chonyenyeka chija. Kawaya kamodzi kanamulasa chala, magazi n'kutuluka pang'ono. Anachiyang'ana chingwecho, n'kuyang'ana malo amene ankayenera kuchibwezera. Kenaka anaika sipanala pansi.

"Sindivula."

"Wati chiyani?" anafunsa a Tcheyamani.

"Ndati sindivula. Chingwe ichi sindibwezerapo. Asiyireni suti ayendere mpaka apeze zawo, ngati mmene thumba linkachitira kale."

"Nanga Dazi apite kwa woyeza ali mbulanda?" anafunsanso a Tcheyamani.

Anyamata anaseka, koma a Tcheyamani sanaseke. Anakoka chigubu chopanda kanthu n'kukhalapo, maso ali pa mtsikanayo.

"Mvetsera bwino, mwana iwe, poti sindibwereza. Ukuwaona anyamata awa? Aliyense kumbuyo kwake kuli nyumba. Uyu ali ndi amayi odwala. Uyo ali ndi ana pasukulu. Njinga ikagona tsiku limodzi, kunyumbako moto sukolezedwa. Amene analemba lamulo lija sanakwerepo kabaza. Ali ndi galimoto, ali ndi dalaivala. Ife tili ndi suti, ndipo suti ndi umodzi wathu. Palibe amene amaiba. Timangothandizana kuwoloka tsiku limodzi pachaka.

"Ndipo usaiwale mmene unafikira pano. Magalaja onse a msewu uno anakuseka. Anati mtsikana adzalira girisi akamulowa m'tsitsi. Ine ndinakutsegulira chitseko, ndinakuveka ovololo. Lero wadziwa kumanga nati ndiye ukufuna kutiphunzitsa kukhala? Wotsutsana ndi siteji sayenda bwino mumsewu uno. Sindikukuopseza. Ndikukuchenjeza ngati bambo."

Kagirisi anatembenukira kwa achimwene ake.

"Ndiye iimikeni njingayi, achimwene. Masiku ochepa okha, mpaka mupeze mapadi ndi chingwe."

"Tizidya chiyani? Girisi?"

"Mawa musawakwezeko alamu."

"Mkazi ndi wako kapena wanga?" Mawu awo anakwera. "Ndayenda ndi chingwe chimenecho miyezi yonseyi. Chiduke mawa chifukwa iwe wachiona lero? Chiphaso ndili nacho, ichi! Boma lavomereza. Iwe ndiwe ndani?"

Anachitulutsa m'thumba la malaya n'kuchigwedeza pamphuno pake. Kenaka anawerama n'kutola sipanala.

"Choka apo. Ndivula ndekha."

Kagirisi anachiyang'ana chiphasocho. Anaona kuti malinga ngati pepalalo lili kwa iwo, palibe amene akanawaletsa kutsika mtsetse mawa. Osati iye, osati amalume, osati wapolisi wa pamphambano.

Anatsomphola mapadi akutha aja ndi chingwe, n'kuliyatsa liwiro.

"Akupita kuti ameneyo?" anafunsa Dazi.

Amalume okha ndiwo anayankha, ali pampando wawo. "Akukayezetsa njinga."

5. Njinga yeniyeni

Mayi woyeza anali akumwa madzi pamene zitsulo zinagwera patebulo pake.

"Mayi," anatero Kagirisi akupuma mwawefuwefu, "mwayeza suti. Njinga yake ndi iyi."

"Suti yanji?"

Anafotokoza zonse: magudumu, thumba, msomali wa kuseri kwa chitseko. Asanamalize, achimwene ake analowa pabwalo ndi njinga ija ikadali mu suti yake, a Tcheyamani ali kumbuyo.

"Mayi, musamumvere," anayamba a Tcheyamani akumwetulira. "Ndi mwana. Takangana pang'ono kuntchito, ndiye mukudziwa ana a masiku ano."

Mayiyo sanawayang'ane. Anapita panjinga, anagwada, n'kuzungulitsa gudumu lakutsogolo pang'onopang'ono. Anaima pa kachipsera kena ka m'mbali mwa tayala. Anakasisita ndi chala.

"Kachipsera aka ndinakaonapo sabata yatha," anatero. "Ndinakaonanso mwezi watha. Ine ndinkati mwina matayala a mtunduwu amatuluka choncho kufakitale." Anaimirira, maso atafiira. "Ndiye kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikuyeza tayala limodzi? Bwanji simunangoligubuduza lokha, ndikalipatse chiphaso chake, njingazo zikhale kunyumba?"

Pamzere wina anaphulika ndi kuseka. Mayiyo anamuyang'ana, kuseka n'kuzima.

"Ine ndinakweza mwana wanga pa njinga ya siteji yanu," anatero. "Ndinamusankhira ndekha. Ndinati kwera za kumsika, n'zoyezedwa bwino."

Anatenga chingwe chija patebulo.

"Bambo, chingwe ichi n'chanu?"

Achimwene a Kagirisi anayankha msanga. "Chikugwirabe, mayi. Chimangooneka choncho."

Mayiyo anakola mutu wa chingwe pa mwendo wa tebulo, n'kukulunga mbali inayo kudzanja. Sanakoke ndi mphamvu zambiri. Anangokoka ngati munthu wofinya buleki ataona lole. Chingwe chinaduka ngati ulusi wowola.

Mayiyo anatambasulira Liwiro dzanja.

"Bweretsani chiphaso."

Achimwenewo anachipereka. Mayiyo anachilemba mzere waukulu kuchokera pakona kufika pakona.

"Mudzabwere njinga itavala zake. Ndipo inu a Tcheyamani, njinga zonse za siteji yanu zibwererenso kuno. Pagudumu lililonse ndizipakapo penti yanga, ndione ngati lidzabwere kawiri."

Kenaka anatembenukira kwa Kagirisi. Nkhope yake sinafewe.

"Iwenso usaganize kuti ndikuombera m'manja. Manja ako ndi amene ankandimanga m'maso. Koma wabwera wekha, ndipo zimenezo ndaziona."

Achimwene ake anatola zidutswa ziwiri za chingwe. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana Kagirisi.

"Wandivula pagulu, mchemwali wanga," anatero. "Mwana wa mayi anga weniweni."

6. Hutala imodzi

Kugalaja a Tcheyamani sanakuwe. Anauza Dazi kuti avule njinga ya Liwiro suti ija n'kuibwezera magudumu ake. Kenaka analoza Kagirisi.

"Nawenso wavala zobwereka. Vula ovololo yanga."

Anyamata anayang'ana kumbali. Kagirisi anamasula mabatani, anaivula, anaipinda bwinobwino n'kuiika pachigubu. Anatsala ndi siketi yake yakale ya kusukulu ndi malaya otuwa. Atatambasula dzanja kuti atole sipanala, a Tcheyamani anaipondapo.

"Zida zimatsala pagalaja."

Ndodo ya amalume inagogoda nsapato ya a Tcheyamani.

"Chotsa phazi," anatero amalume. "Sipanala imeneyo ndinkamangira mabasi iwe ukukodzera pamphasa."

Phazi linachoka.

Anabwerera kunyumba masana dzuwa likuswa mtengo. Achimwene ake anali patsogolo akukankha njinga yopanda buleki, osacheuka ngakhale kamodzi. Kagirisi ankatsatira, amalume ali pambuyo akutukwana maenje a mumsewu ndi amene anadula mitengo ya mthunzi.

Alamu ake anali pakhomo akuyanika zovala, dzanja lina lili pamsana.

"Mwapambana?" anafunsa. "Nanga bwanji mukuikankha? Mafuta atha?"

Amuna awo anatsamiritsa njinga kukhoma. Anapisa m'thumba, n'kuika zidutswa za chingwe zija m'dzanja la mkazi wawo.

"Chimene chinkatigwira pamtsetse ndi chimenecho," anatero motsitsa mawu.

Alamuwo anayang'ana timawaya tothothokato. Dzanja lawo linachoka pamsana n'kupita pamimba. Anakhala pansi pakhonde.

Kagirisi anayandikira. "Achimwene..."

Iwo sanamuyang'ane. Analankhula kwa mkazi wawo ngati mchemwali wawoyo palibe.

"Umuuze mlamu wakoyo kuti mawa akuperekeze yekha kusikelo, wapansi. Umuuzenso kuti poti amadziwa kuvula, njinga iyi aiveke yekha. Zake zenizeni. Ine sindikweranso mpaka atatero, ndipo sindilankhula naye mpaka atatero."

Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

"Wamva?" anatero amalume akudzitsitsa pampando. "Wati sakwera. Mwano wonsewo usiye, utole mawu amenewo."

Kagirisi anagwada pambali pa njinga, n'kuyamba kumasula nati yoyamba. Analibe ntchito. Analibe mapadi, analibe chingwe, ndipo sankadziwa kuti azipeza kuti. Koma ankadziwa kuti mawa njinga imeneyi siitsika mtsetse.

Asanamalize natiyo anamva mkokomo kumsewu. Sinali njinga imodzi. Zinali zambiri, zikubwera pamodzi, zikufuka utsi womwe unayamba kuoneka pamwamba pa mpanda. Zinaima pageti, mainjini osazimitsa.

Eni ake ankayesa kuliza mahutala, koma ambiri anali akufa, ena ankangosasa mawu ngati achule. Imodzi yokha ndiyo inkalira momveka bwino, mobwerezabwereza. Kagirisi anaizindikira nthawi yomweyo. Inali hutala ya suti.

"Atuluke telalayo!" anakuwa wina kunjako. "Atiuze tikayezetsa titavala chiyani!"

Alamu ake anamugwira mkono. Amalume anayamba kufufuza ndodo yawo pansi. Chitseko cha nyumba chinatseguka pang'ono, koma achimwene ake sanatuluke.

Kagirisi anapukuta manja pa siketi yake, n'kufumbata sipanala. Kenaka anapita kukatsegula geti.